Madzi oyera mbee amaphanso nsomba: kukhwimitsa thanki ya goldfish kuno ku Joni

Nsomba ziwiri zoyamba zomwe ndinagulira mwana wanga sizinathe masiku 9. Tinazigula Loweruka pa shopu ina ya ziweto, pamodzi ndi kathanki ka malita 20, timiyala tamitundumitundu ndi kachitini ka chakudya. Mnyamata wogulitsa anangoti tithire madzi, tidikire ola limodzi, kenako tiziike. Masiku oyamba zinkasambira bwinobwino, mwana mpaka anazipatsa maina. Kenako zinayamba kumangokhala pamwamba, pakamwa yasa yasa, zipsepse zitapindika. Madzi anali oyera mbee. Ine wobadwira ku Nkhotakota, wokulira chambo ndi usipa, kulephera kusunga tinsomba tiwiri m'galasi!

Amene ananditsegula m'maso ndi achimwene ena a ku Ntcheu omwe amagwira ntchito ya m'dimba ku Fourways, komwe amasamaliranso damu la nsomba za koi la abwana awo. Anabwera ndi timabotolo m'chikwama, anatunga madzi pang'ono m'kachubu, n'kudontheza mankhwala. Patapita mphindi 5 madzi aja anasanduka obiriwira biriwiri. Anapukusa mutu: "Achimwene, nsomba zanuzi sizinadwale ayi. Zafera m'chimbudzi chawo chomwe."

Nkhani yonse yagona pamenepo. Nsomba ikadya imatulutsa amoniya, wambiri kudzera m'makha momwe imapumira, wina kuchokera ku zonyansa zake ndi chakudya chotsala chikamawola. Amoniya ndi fungo lobaya m'mphuno lija mumalimva mukalowa m'khola la nkhuku losasesa. Aliyense amene anathirapo chitosi chachiwisi pa mbewu amadziwa kuti chimawotcha, koma chikakhala padzenje n'kupsa chimasanduka manyowa. M'thanki namonso ndi chimodzimodzi, ndipo amene amagwira ntchito yopsetsayo ndi mabakiteriya. Gulu loyamba, monga a Nitrosomonas, limasandutsa amoniya kukhala nitrite. Nitrite nayenso ndi poizoni: amalowa m'magazi a nsomba n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya, moti nsomba imabanika chikhalirecho madzi ali ndi mpweya wokwanira. Gulu lachiwiri, makamaka a Nitrospira, limasandutsa nitrite kukhala nitrate, yemwe nsomba imapirira naye bola asachuluke. Nitrate ameneyu ndi yemwe uja ali mu feteleza wa CAN.

Thanki yatsopano ilibe mabakiteriya amenewa. Muyenera kuwaweta kaye, nsomba zibwere pambuyo. Anthu a nsomba kuno amati cycling, ine ndimati kukhwimitsa thanki. Zimatenga masabata 4 mpaka 6, nthawi ya chisanu kupitirira apo.

Yambani ndi thanki yoyenera

Mbale yagalasi yozungulira ija mumaiona pa zithunzi iwalani. Goldfish ndi m'bale wake wa nsomba ya carp, anayamba kuwetedwa ku China zaka zoposa 1,000 zapitazo, ndipo si kansomba kakang'ono monga kamaonekera pa shopu. Zamchira umodzi zija, common ndi comet, zimafika masentimita 25 kapena 30, kukula ngati chambo chodyera alendo. Malo ake enieni ndi damu. Zonenepa zamichira iwiri, monga fantail ndi oranda, zimathera pa 15 mpaka 20, ndipo ndi zimene ndingakulangizeni ngati mukukhala m'fulati kapena m'chipinda cha kuseri. Zikasamalidwa zimakhala zaka 10 mpaka 15. Zimadya kosalekeza ndipo zimaipitsa madzi kuposa tinsomba tina tambiri ta m'thanki.

Muyeso umene ambiri amatsatira ndi malita 75 pa nsomba yoyamba, ndi 40 owonjezera pa iliyonse yotsatira. Kuti mudziwe malita a thanki, chulukitsani mulitali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita, mugawe ndi 1,000. Thanki ya 90 x 30 x 38 imatenga malita pafupifupi 100. Kumbukirani kuti lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thankiyo ikadzaza ndi matumba awiri a chimanga pa tebulo limodzi. Kabati ya TV yamatabwa a utuchi ija siingakwanitse.

Pamafunikanso fyuluta yamphamvu yosefa madzi, pampu ya mpweya, mankhwala ochotsa klorini, payipi yokokera madzi, ndi ndowa yatsopano imene sidzalawa sopo moyo wake wonse. Ndowayo ilembeni ndi penti, chifukwa tsiku lina mudzaipeza atanyikamo zovala. Pampu ya mpweya musaione ngati yokongoletsera. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo madzi kuno amasunga mpweya wochepa ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 poyerekeza ndi ku Durban. Nsomba zimaufuna mpweyawo, mabakiteriya nawonso amaufuna.

Madzi a pampopi a kuno

Madzi athu amachokera ku Vaal Dam. A Rand Water amawayeretsa kufupi ndi Vereeniging, n'kuwapopa kukwera mtunda wonsewu, a Johannesburg Water n'kuwagawa m'makomo. Chifukwa ulendo wake m'mapayipi ndi wautali, sathira klorini yekha. Amagwiritsanso ntchito chloramine, yemwe ndi klorini womangidwa pamodzi ndi amoniya kuti asathe msanga. Kwa ife akumwa ndi zabwino. Kwa nsomba ndi mabakiteriya a m'fyuluta ndi imfa.

Mudzamva anthu akuti siyani madzi m'ndowa usiku umodzi klorini auluke. Zimenezo zimagwira kumene amathira klorini yekha. Chloramine sauluka usiku umodzi, ngakhale masiku angapo. Gulani mankhwala amene pa botolo alemba kuti amachotsa chlorine ndi chloramine zonse ziwiri. Seachem Prime ndi wodziwika, muyeso wake ndi mamililita 5 pa malita 200, ndiye kabotolo kamodzi kamakhalitsa. Tetra AquaSafe amapezekanso m'mashopu ambiri. Madzi aliwonse olowa m'thanki, kaya ndi ndowa imodzi yokha, ayambe alandira mankhwalawa.

Madzi akakhala kuti anasiya kutuluka masiku awiri, monga zimachitikira kawirikawiri masiku ano, oyamba kubwera musawathire m'thanki. Asiyeni atayike m'dimba mpaka ayere.

Kuyeza: apa ndi pomwe ambiri timachitira ulesi

Zoyezera zilipo za mitundu iwiri: timapepala tonyika m'madzi, ndi za madontho. Timapepala n'totchipa, koma tambiri sitiyeza amoniya n'komwe, ndipo tikangolowa chinyontho timanama. Gulani za madontho. Bokosi la API Freshwater Master Test Kit lili ndi zonse zinayi: pH (muyeso wa asidi m'madzi), amoniya, nitrite ndi nitrate. Mtengo wake umaposa wa nsomba zenizenizo, ndipo ndikudziwa kuti dzanja limalemera potulutsa ndalama ya timabotolo pamene kumudzi akudikira ya feteleza. Koma bokosi limodzi limayeza maulendo mazanamazana. Mutha kusonkherana awiri kapena atatu.

Tsukani kachubu ndi madzi a m'thanki, dzazani mpaka pa mzere wa mamililita 5. Botolo la mankhwala muligwire chozondotsa chilili, osati chopendekeka, kuti madontho akhale ofanana.

Pa amoniya, madontho 8 a botolo loyamba, 8 a lachiwiri, tsekani, khutchumulani pang'ono, dikirani mphindi 5. Chikasu ndiye ziro. Akamapita kobiriwira ndiye kuti amoniya alipo. Pa nitrite, madontho 5, mphindi 5. Buluu wowala ngati thambo ndiye ziro, pepo ndiye poizoni.

Nitrate ndiye amapusitsa anthu. Madontho 10 a botolo loyamba, sakanizani. Botolo lachiwiri lili ndi ufa umene umadikha pansi n'kugwirana, choncho muyenera kulikhutchumula mwamphamvu masekondi 30, ngakhale kuligogoda pa tebulo, musanadontheze 10 ake. Kenako kachubu kenikeniko mukakhutchumule mphindi yathunthu, n'kudikira mphindi 5. Mukachita mwaulesi, kachubu kadzakuonetsani chikasu, inu n'kumasangalala kuti nitrate palibe pamene wadzaza. Ine ndinakhala mwezi wathunthu ndikudabwa kuti thanki yanga bwanji siikutulutsa nitrate, osadziwa kuti vuto ndi dzanja langa.

Mitunduyo muiyerekeze ndi khadi lake masana, pafupi ndi windo, kachubu katatsamira pa mbali yoyera ya khadilo. Babu yachikasu ya m'chipinda imasokoneza maso. Manambala ali mu ppm, kutanthauza mamiligalamu pa lita imodzi. Lembani zotsatira m'kope, tsiku ndi tsiku lake. Mutu umaiwala.

Musanayambe china chilichonse, yezani madzi a pampopi omwewo. Musadabwe kuona amoniya wa 0.25 kapena 0.5: ndi uja wa mu chloramine, ndipo fyuluta yokhwima imamudya pasanathe tsiku. pH ya madzi a kuno nthawi zambiri imakhala cha m'ma 8 kapena kutsikirapo pang'ono, ndiye mufunika botolo lolembedwa High Range. Goldfish alibe nayo vuto pH imeneyo, musavutike kuitsitsa ndi mankhwala. Chimene muyenera kudziwa n'chakuti amoniya amaluma kwambiri pH ikakwera. Pa madigiri 25, pa pH 7, gawo la amoniya limene lili poizoni weniweni silifika 1 peresenti. Pa pH 8 limapitirira 5 peresenti, pafupifupi kuchulukitsa ka 10. Nambala imene mnzanu wa madzi a pH yotsika angaipeputse, kuno imapha.

Kukhwimitsa thanki yopanda nsomba

Tsukani miyala kapena mchenga ndi madzi okha, dzazani thanki, thirani mankhwala a klorini, yatsani fyuluta ndi pampu. Kuyambira pano fyuluta sizimitsidwanso, usana ndi usiku. Mabakiteriya athu sayandama m'madzi. Amamatirira pa siponji ndi pa timiyala ta m'fyuluta pomwe madzi a mpweya amadutsa.

Ngati mukuyamba mu June kapena July, bwerekani hita muyiike pa madigiri 26 mpaka 28. Chisanu cha ku Joni mukuchidziwa. M'chipinda chopanda siling'i madzi amatsika kufika pa 10 kapena 12, ndipo mabakiteriya pa kuzizira kumeneko amaswana mwa kamba. Goldfish safuna hitayo, amakhala bwino pa 18 mpaka 23. Ndi ya mabakiteriya okha.

Tsopano adyetseni. Njira yabwino ndi amoniya wa m'botolo, ammonium chloride wogulitsidwa m'mashopu a nsomba. Amoniya wotsukira m'nyumba samalani naye: ambiri ndi osakaniza ndi sopo ndi zonunkhiritsa. Khutchumulani botolo, likachita thovu losatha, lisiyeni. Handy Andy ayi ndithu, ngakhale alembepo kuti muli amoniya. Amoniya woyenerayo donthezani pang'ono m'thanki, dikirani mphindi 30 kuti asakanikirane, yezani, onjezani mpaka mufike pa 2 ppm. Lembani kuchuluka kwa madontho amene mwathira, kuti ulendo wina musayambirenso kuyerekeza.

Amoniya akasowa, tsinani chakudya cha nsomba pang'ono tsiku lililonse muziponya m'thanki yopanda kanthuyo, kapena mangani kachidutswa ka nsomba yaiwisi m'sokosi yakale muyiviike. Zimagwira, koma muyeso wake ndi wongolota ndipo fungo lake mayi a kunyumba sadzakukhululukirani msanga.

Pali njira yachidule, ndipo ndi yokhayo imene ndimaikhulupirira ndi mtima wonse: kupempha siponji yakuda bii ya m'fyuluta ya munthu amene thanki yake yakhala miyezi yambiri nsomba zili zathanzi. Muinyamule ili m'madzi a thanki yomweyo m'pepala la pulasitiki, isaume, ndipo ifike m'fyuluta yanu tsiku lomwelo. Zili ngati kupala moto kwa aneba m'malo mopeka wanu. Masabata 6 amatha kutsika kufika pa 1 kapena 2. Koma onani kaye nsomba za mwini wake. Ngati zili ndi timadontho toyera pathupi kapena zikudzikanda ku miyala, thokozani n'kubwerera chimanjamanja. Mabakiteriya a m'botolo ogulitsidwa pa shopu nthawi zina amathandiza, nthawi zina ayi, kutengera mmene botololo lasungidwira. Musasiye kuyeza chifukwa choti mwathira amenewo.

Mukatero yezani pakapita masiku awiri aliwonse. Sabata yoyamba sipachitika kanthu, kachubu ka amoniya kamangokhala kobiriwira. Cha m'sabata yachiwiri amoniya amayamba kutsika, kachubu ka nitrite n'kuyamba kuchita pepo. Gulu loyamba lafika. Amoniya akayandikira ziro, muwonjezereni kufika pa 1 kapena 2 ppm kuti lisafe ndi njala.

Gawo lotsatira ndilo loyesa mtima. Nitrite amakwera mpaka pepo wakuda, n'kukhala pomwepo sabata ziwiri, mwina zitatu, chifukwa gulu lachiwiri limaswana mochedwa. Mwana amafunsa tsiku lililonse kuti nsomba zibwera liti. Alendo amasuzumira m'thanki n'kufunsa ngati mukuweta madzi. Madzi enieniwo amatha kuchita mbuu ngati mwathiramo mkaka: amenewo ndi mabakiteriya a mtundu wina, amatha okha, musakhuthule thanki. Zinthu ziwiri zokha ndi zofunika kuchitapo kanthu. Nitrite akapitirira 5 ppm, pomwe khadi limathera, sinthani theka la madzi ndipo muchepetse amoniya amene mukuthira. Ndipo pH ikatsika kufika cha m'ma 6.5, mabakiteriya amafooka, chifukwa ntchito yawoyi imadya mchere wina wa m'madzi umene umagwira pH kuti isagwe. Kusintha madzi kumaubwezeretsa, kapena theka la supuni yaing'ono ya soda wophikira pa malita 50.

Ndiye m'mawa wina mumadontheza monga mwa masiku onse, kachubu n'kukhala buluu. Nitrite sachoka pang'onopang'ono, amangogwa kamodzi. Musathamangire ku shopu. Thirani amoniya kufika pa 2 ppm, dikirani maola 24, yezani. Amoniya akhale 0, nitrite 0, nitrate akhale atakwera, kachubu kake kali olenji kapena kofiira. Bwerezani mawa lake. Zikatero kawiri motsatizana, thanki yakhwima.

Kuika nsomba

Nitrate wa masabata onsewa wawunjikana, ndiye sinthani madzi 70 kapena 80 peresenti, osakhudza fyuluta. Zimitsani hita madzi azizire okha usiku wonse. Nsomba zibwere pasanathe masiku awiri, apo ayi pitirizani kuthira amoniya. Pepala la nsomba muliyandamitse m'thanki mphindi 20 lili lomanga, kenako muzivuule ndi kaukonde. Madzi a ku shopu atayeni, asalowe mwanu. Sabata ziwiri zoyamba yezani tsiku lililonse.

Pa shopu mudzaona mbuna za ku nyanja yathu zikugulitsidwa mtengo woti munthu wa ku Chembe angaseke mpaka kugwa. Mtima umafuna ndithu, koma musaziphatikize ndi goldfish. Mbuna zimafuna madzi ofunda ndipo ndi zandewu, zidzathetsa michira ya anzawo.

Ngati nsomba zili kale m'thanki yosakhwima

Ambiri amawerenga malangizo ngati awa nsomba zitayamba kale kuwefuka. Zimatheka kuzipulumutsa, koma ndi ntchito ya ndowa. Yezani tsiku ndi tsiku. Amoniya kapena nitrite akafika 0.5, sinthani theka la madzi tsiku lomwelo, ndi madzi othira mankhwala, ozizira mofanana ndi a m'thanki. Dyetsani pang'ono kwambiri, tsiku lina kudumphitsa. Goldfish wopempha chakudya pagalasi si wanjala, ndi khalidwe lake. Nthawi imene nitrite wakwera, mchere wamiyala wopanda zosakaniza, galamu imodzi pa lita, umathandiza kuti asalowe kwambiri m'magazi. Usungunuleni kaye m'kapu, ndipo kumbukirani kuti mchere sauluka: mubwezere wolingana ndi madzi amene mwachotsa okha. Opanga Prime amati amamanga amoniya kwa tsiku limodzi kapena awiri. Kachubu kadzamuonetsabe, ndiye musadabwe, komanso musaleke ndowa chifukwa cha zimenezo.

Kuti mabakiteriya asafe

Sabata iliyonse sinthani madzi 30 mpaka 50 peresenti, payipi ikukoka zonyansa pansi, kuti nitrate asapitirire 40 ppm. Akakhala pansi pa 20 ndi bwino koposa. Madzi otayawo ine ndimathirira mpiru ndi tomato wa m'zitini kuseri kwa nyumba, ndipo amakondwa nawo, bola musakhale mchere.

Siponji ya fyuluta isaone madzi a pampopi. Ifinyeni m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki, ibwerere ili yakudabe. Mlamu wanga anabwera kudzacheza, naona siponji ili bii, anaichapa ndi sopo pa sinki n'kuiyanika padzuwa kuti andithandize. Ntchito ya masabata 6 inathera pomwepo. Fyuluta zina amakuuzani kuti muzisintha kathumba kake mwezi uliwonse. Mukatero mukutaya mabakiteriya anu m'bini. Siponji isinthidwe ikayamba kunyenyeka, ndipo theka lokha pa nthawi imodzi.

Magetsi akazima, kaya ndi load shedding ya Eskom kapena waya wabedwa, maola awiri si vuto. Akapitirira anayi, fyuluta ikakhala yotsekeka mpweya umatha mkati ndipo mabakiteriya amayamba kufa. Itseguleni, siponji muiponye m'thanki momwemo. Kapampu ka mpweya ka USB kolumikiza ku power bank ya foni kamatha usiku wonse, ndipo n'kotchipa. Tsiku limenelo musadyetse, ndipo magetsi akabwera yezani masiku atatu otsatira.

Nsomba ikakula kuposa thanki, mupatseni wa damu. Musakaitaye ku Zoo Lake kapena mu mtsinje wa Jukskei, chifukwa goldfish akalowa m'madzi a kutchire amaswana n'kusokoneza nsomba za komweko.

Chatsala ndi December, pamene ambiri timakwera basi kupita kumudzi. Sinthani theka la madzi kutatsala tsiku limodzi kuti munyamuke. Amene mwamusiyira kiyi musamupatse chitini chonse cha chakudya, chifukwa chifundo chake chidzakupherani nsomba. Mangani timapepala ta muyeso, kamodzi pa masiku awiri aliwonse, tolembapo madeti, chitinicho mubise. Muonetseni pomwe pali pulagi ya fyuluta ndipo mumuuze kuti asazule ngakhale akufuna kutchaja foni. Mukabwerako mu January, musanamasule thumba la ufa ndi usipa, tengani timachubu tija muyeze.